Ka cockatiel chithokomiro sichikuphwa, ndithandizeni

Wa ku Randburg: Akuluakulu muli bwanji. Abwana andisiyira kamwana ka cockatiel (kambalame koweta ka mtundu wa zinkhwe) ka masabata 3 kuti ndizikadyetsa ndi sirinji, ndiye kuyambira dzulo chithokomiro sichikuphwa, m'mawa uno ndapeza chili tuu ngati kathumba ka madzi ndipo kakungowodzera. Ndikapatsenso phala kapena ndidikire?

Wa ku Benoni: Ayi achimwene musaonjezere, latsopano pamwamba pa ladzulo limangosasa. Phalalo mumaliyeza ndi chani kutentha kwake?

Wa ku Randburg: Ndi chala basi asisi. Komanso usiku magetsi anazima, bokosi linazizira.

Wa ku Pretoria: Vuto ndi limenelo mphwanga. Kamwana koti nthenga sizinakwane kakazizidwa zakudya zimangoima, olo phala likhale labwino bwanji. Yambani mwakatenthetsa kaye, bokosi likhale pa madigiri 29 kapena 30, magetsi akavuta kulungani botolo la madzi otentha mu thaulo muike pambali osati kagonepo ayi. Kakayamba kusuntha mukapatse timadzi tofunda pang'ono, musisite chithokomirocho mofatsa muone ngati chitsike. Ndipo gulani thermometer, chala chimanama, ife ogwira mapoto ndi makasu zala zinafa kalekale. Phala lizikhala pakati pa 39 ndi 41, likazizira limaima, likatenthetsa limawotcha chithokomiro mpaka kubooka, makamaka la mu microwave lomwe pamwamba limaoneka bwino koma mkati muli moto.

Wa ku Germiston: Ine nkhuku kumudzi timangoizondotsa nkufinya zonse zituluke

Wa ku Benoni: Iii musayerekeze! Imeneyo si nkhuku ya kwa agogo, phala likalowa kopumira katha pomwepo. Achimwene kanunkhizeni kukamwa, kakamanunkha chosasa kapena muli zoyerayera mwina ndi matenda a yisiti, imeneyo ndi ya kwa vet (dokotala wa ziweto), atsuke chithokomiro ndipo mankhwala ngati nystatin apereke iwowo. Kakafika masana osatsika musadikire mawa, tiana timeneti madzi amatha msanga m'thupi.

Wa ku Pretoria: Mukayambanso kudyetsa muzikayeza pa sikelo m'mawa kasanadye, kamodzi kazidya pafupifupi 10% ya kulemera kwake, ka magalamu 60 ndiye ma ml 6. Mwakhala mukukapatsa angati?

Wa ku Randburg: Eish... 10. Kamalira ndiye ndimamva chisoni. Pano kali pa botolo, kanyera kamodzi koma kukamwa fungo lilipo pang'ono, ndawaimbira abwana akuti tipite kwa vet 11 koloko.