Thandizeni abale, amangondichotsa pa ukomanda

Membala wosadziwika: Moni nonse, chonde ndithandizeni mutu waima. Pali gemu ina timasewera pa intaneti matimu awiri, ena amathamanga ndi mfuti koma mmodzi amakhala komanda, amaona mapu yonse kuchokera pamwamba nkumaika nyumba ndi kugulira timu zida. Ine ukomandawo ndimaukonda kwabasi koma ndikangokhala pampando sipapita nthawi amavota kuti nditsike. Amene anandionetsa gemuyi ndi mnzanga wakalekale, pano sandiyankhanso, akandiona ndalowa amapita seva ina dala, dzulo ndamupeza akusewera ndi omwe ananditukwana aja ndipo zandipweteka kwambiri. Komanso kompyuta ndimagwiritsa ndi mng'ono wanga, amasintha mabatani osandiuza, mausi nayo yayamba kuvuta, mayi akunyumba akuti ndikugona mochedwa chifukwa cha zinthu zopanda pake. Ndalama za timu zimatha msanga, asilikali samanga zomwe ndaika amangothamangira kutsogolo kukafa. Ndikulakwitsa pati? Kapena ndingosiya?

Gorge_Wachifundo: Gemu yake iti achimwene? Natural Selection 2, Nuclear Dawn kapena Silica? Malangizo ake amasiyanatu. Nanga maiki muli nayo?

Madala_a_Newerth: Vuto lake ndi limeneli, anthu mwafika dzulodzuloli mukufuna mpando. Ife tinayambira pa Natural Selection yoyamba ya 2002, ili mod chabe (gemu yomangidwa pamwamba pa gemu ina) ya Half-Life, kenako Savage: The Battle for Newerth ya 2003 ya S2 Games, anthu kulimbana ndi zilombo, komanda akutuma antchito kukakumba golide ndi miyala yofiira uku anzake akumenyana pansi. Nthawi imeneyo munthu sumakhudza ukomanda usanadziwe njira iliyonse ya pamapu ndi miyendo yako, umayamba wafa kaye, kumanga zomwe wina waika, kuona kuti komanda wabwino amaika chiyani ndipo amaika pati. Lero munthu wadawuniloda gemu m'mawa madzulo ali pampando. Akukuchotsani akuchita bwino, ine ndikanavota nawo. Ngakhale Battlezone ya 1998 inkaphunzitsa ulemu umenewu.

Skulk_Wausiku: Madala apo mwaphonya, mu Battlezone ya 1998 munthu yemweyo amayendetsa thanki nkumalamula magulu ake a kompyuta, si zoti anthu amakuvotera. Musasokoneze ana.

Madala_a_Newerth: Iwe unabadwa liti kuti undiuze za Battlezone? Mfundo yanga ndi yoti uziganiza za chuma ndi nkhondo nthawi imodzi, ndiye chiyambi chake cha magemu onsewa. Ukanabwera ndi Allegiance ya Microsoft ya 2000 ndikanakumvera.

PingYakwera: Aise onani kaye ping, nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerako. Ine ndinavutika kwambiri, ndikawombera chilombo chili pamaso panga chipolopolo osachigunda, anthu kumanditukwana kuti sindiona, kumapeto ndinapeza kuti ndimalowa maseva akutali kwambiri ping kudutsa 200. Ndinagula waya ndikusiya WiFi, ndinasinthanso rauta, panopa zili bwinoko ngakhale madzulo imakwerabe anthu akachuluka pa netiweki.

Skulk_Wausiku: Ping imapweteka wowombera, komanda siimuvuta kwenikweni, kuika nyumba sikufuna kulunjika ngati mfuti. Iwe nkhani iliyonse ndi ping basi kkkk

Mayi_Lerk: Ngati ndi Natural Selection 2 ndipo muli mbali ya asilikali olimbana ndi zilombo, ndalama zikutha chifukwa mwina mukuponya ma medpack (mankhwala ochiritsa ovulala) kwa aliyense amene walira. Chilichonse chimene mwaponya chimadya ndalama za timu, zomwezo zogulira ma upgrade okweza mphamvu ya zida. Yambani ndi makina otchedwa ma extractor, ndiwo amabweretsa chuma, ndipo musaike pamalo pomwe palibe msilikali pafupi chifukwa amamanga ndi anthu anuwo, mukaika patali ma skulk (tizilombo toluma ta timu inayo) amangodya. Muonenso power node yopereka magetsi m'chipindacho, ikafa zonse za mmenemo zimazima. Kenako armory yotengerako zida, arms lab kuti mfuti ndi zovala zilimbe, observatory (nyumba yoonera adani) kuti mupeze ma phase gate, zipata zodumphira malo akutali nthawi yomweyo. Timu yopanda phase gate imatha ndi kuyenda wapansi.

BamboWaAnaAwiri: Inu mwasiya nkhani yaikulu. Mayi akunyumba akudandaula ndiye mukufunsa za ukomanda? Konzani kaye pakhomo bambo, muziika nthawi yosewera, gemu siithawa.

Onos_Wolusa: Zinandichitikirapo ndipo mpaka lero zimandiwawa. Tinali pa mapu ya Summit tikupambana bwinobwino, anyamata onse anapita kukaphwanya hive, chisa cha zilombo, osasiya ngakhale mmodzi kumbuyo, ma onos (zilombo zazikulu) awiri analowa pa base nkuyamba kuphwanya ma infantry portal, potulukira asilikali akafa, ndimati ndiimbe beacon kuti onse abwerere koma observatory yoimbira beacon inali itagwa kale. Ndinakuwa mpaka mawu kutha palibe anabwera. Titaluza onse akuti komanda ndi wopusa. Chichokereni tsiku limenelo ndimasewera mbali ya zilombo basi, kumeneko komanda amafalitsa ma cyst okulitsa dera la zilombo mwakachetechete anthu samulondalonda kwambiri.

Madala_a_Newerth: Ndiye ndimanena zomwezi! Observatory imodzi pa base yonse? Imeneyo ndi ntchito ya komanda osati asilikali. Ndipo inu mukuti kumbali ya zilombo nkosavuta, mu Natural Selection yoyamba zilombo zinalibe komanda nkomwe, amamanga ndi zilombo zotchedwa ma gorge zokha, komanda wa zilombo anabwera ndi yachiwiri ya 2012. Anafewetsa zinthu. Nuclear Dawn ya 2011 inayesako, koma anthu anathawa chifukwa palibe amafuna kumvera mnzake. Magemu amenewa amafa ndi anthu osamva, si china ayi.

Mayi_Lerk: Madala munthu wabwera kudzapempha thandizo inu mukumupatsa mbiri. Achimwene, yesezani kaye ndi ma bot, osewera a kompyuta, ndipo masewera asanayambe muziwauza anzanu kuti ndine watsopano pampando, ambiri amakuthandiza ukanena poyera. Koma chachikulu ndi kulankhula, komanda wa ziii amachotsedwa ngakhale akuika zonse molondola, asilikali sadziwa chomwe akuganiza.

Membala wosadziwika: Zikomo nonse. Za mayi akunyumba tinakambirana kale, vuto ndi mnzanga uja, lero walowanso osandiitana ndipo mng'ono wanga wasinthanso mabatani. Ndiye mukuti ndiyambe ndi chiyani kwenikweni?

Gorge_Wachifundo: Achimwene tiuzeni dzina la gemu, ndipo maiki muli nayo kapena mumangolemba?

PingYakwera: Ping yanu imakhala bwanji?

Madala_a_Newerth: Ayambe watsika pampando, akamange ma extractor miyezi ingapo. Ndipo iwe Skulk za Allegiance sunandiyankhebe.