Zomera zopirira chilimwe pabwalo la kasitomala ku Area 47

Wofunsa, Lilongwe: Akuluakulu anzanga, ndatopa nalo bwalo lina ku Area 47. Chaka chatha ndinabzala hibiscus ndi ixora m'mbali mwa mpanda, koma pofika Okutobala theka linali litauma, chifukwa mwini nyumba analetsa mnyamata wa pabwalo kuthirira tsiku ndi tsiku poopa bilu ya madzi. Mlandu wagwera ine, ndipo tsopano akufuna zomera zosalira chisamaliro. Dothi lake ndi katondo, chiswe chiliponso. Ndibzale chiyani?

Bambo a ku Salima: Bzalani bougainvillea basi, achimwene. Imachita maluwa ambiri ikamva ludzu, ndipo kuno kunyanja, kumene dzuwa limaswa mtengo, sinandichititsepo manyazi.

Mayi a nazale ku Zomba: Ixora munalakwitsa poyambirira, chifukwa imafuna chinyezi chosalekeza, ndipo masamba ake amasanduka achikasu dothi likapanda kuiyanja. Yesani plumbago ndi aloe pamalo a dzuwa, agapanthus pamene pali kamthunzi. Koma musabzale panopa; dikirani mvula ikhazikike mu Disembala kuti mizu igwire chilimwe chisanafike. Lantana ndi oleander muzipewe: yoyambayo imafalikira ngati tchire, inayo ndi yapoizoni, makamaka ngati pakhomopo pali ana.

Bambo a ku Salima: Zonsezo n'zabwino, mayi, koma agapanthus ndi wa kwanu kozizira. Bougainvillea.

Mnzathu wa ku Blantyre: Bougainvillea imene mukuitamayo inandichotsetsa ntchito pakhomo pena. Ndinaibzala pafupi ndi geti, patatha zaka ziwiri nthambi zake zaminga zinayamba kukanda galimoto ya abwana ndi kukwera pa waya wamagetsi wa pampanda, moti alamu inkalira usiku. Imapiriradi ludzu, koma imafuna munthu woidulira miyezi ingapo iliyonse. Duranta nayonso musanamizidwe nayo: nthawi ya dzinja imafuna kumetedwa pafupipafupi, apo ayi mpanda umataya maonekedwe.

Mayi a nazale ku Zomba: Pa nkhani ya chiswe, samalani ndi kuphimbira. Udzu wouma umasunga chinyezi, koma mukauunjika mpaka kukhudza tsinde, mwachiitanira nokha chiswecho. Siyani kampata kozungulira tsinde, ndipo manyowa akhale owola bwino, osati ndowe zaziwisi.

Bambo a ku Salima: Vuto la ku Blantyre linali malo obzalapo, osati chomeracho. Ndikubwerezanso, bougainvillea.

Mnzathu wa ku Blantyre: Wina anandilamulapo kuti ndimubzalire mpanda wa nkhadze chifukwa sulira madzi. Mnyamata amene ankaudula anagona tsiku lonse maso ali psuu utomoni utamudonthera. Kodi pakhomo la ku Area 47 pali agalu okumba? Aloe wanga wamng'ono anamuzula yense m'sabata imodzi.