Chikho cha chiuno chosaya kwa mtsikana wa zaka 19: n'kutheka kuchipulumutsa?

WakuKapata

Akuluakulu odziwa za mafupa, ndigawireniko nzeru. Pali mtsikana wa zaka 19 kuno ku Chipata amene chaka chonse akumva kuwawa pa mphechepeche ya kumanzere. Kumakula akayenda mtunda kapena akaima nthawi yaitali, ndipo madzulo amatsimphina. Thupi silitentha, sanaonde, sanagwepo. X-ray ikusonyeza kuti chikho cholandira mutu wa fupa la ntchafu n'chosaya, ngodya ya Wiberg (muyezo wa mmene chikho chafunditsira mutu wa fupa) ndi madigiri 14, koma mpata wa pakati pa mafupa ukadalipo. Abale auzidwa kuti adikire mpaka chiunocho chidyeke, adzamuike chachitsulo. Kodi palibe opaleshoni yosunga chakechi?

Mafupa_Katete

Ilipo, yodula fupa mozungulira chikho nkuchitembenuza, ndipo malangizo odikirawo sindikugwirizana nawo. Chiuno chachitsulo chimatha, ndiye woikidwa ali ndi zaka za m'ma 20 adzafunika kuchisintha, mwina kangapo.

Koma choyamba tsimikizani kuti ndi dysplasia yeniyeni, kutanthauza chikho chimene sichinakule bwino nkukhala chosaya. Kwathu kuno chiuno cha wachinyamata chimawawanso ndi TB ya mafupa, sickle cell imene imapha mutu wa fupa, kapena mafinya amene analowa molumikizira ali khanda. Muyezeni magazi musanapite patali.

Za miyezo: ngodya ya Wiberg ikaposa madigiri 25 zili bwino, ikatsika pansi pa 20 ndi dysplasia, ndiye 14 palibe chokayikitsa. Yezaninso kupendeka kwa denga la chikho, ngodya ya Tönnis, imene siyenera kuposa madigiri 10. Kenaka mujambulenso atatangadza mwendo ndi kuupotolera m'kati. Chithunzi chimenechi n'chofunika kwambiri. Mutu wa fupa ukalowa pakati pa chikho, mpata nkukhala wofanana mbali zonse, ndiye kuti kutembenuza chikho kuthandiza. Ukakana kulowa, kapena mutuwo utaphwatalala, kutembenuza kungowonjezera ululu.

Chimene chikuchitika n'chakuti thupi lonse likutsamira pa kamalo kochepa m'mphepete mwa chikho. Mlomo wofewa wozungulira chikhocho umang'ambika, kenaka chichereŵechereŵe chimayamba kuperesedwa. Opaleshoni imasamutsa katunduyo kuti agwere pa malo aakulu, koma chichereŵechereŵe chimene chatha sichibwerera. N'chifukwa chake nyamakazi ikafika pa giredi 2 kapena 3 pa muyezo wa Tönnis wa kutha kwa polumikizira, madokotala ambiri amakana kudula.

Sisita_wa_Fiyeta

Ndiwonjezerepo za mmene imachitikira, bambo a ku Kapata, kuti mukawafotokozere abale moona.

Pa msinkhu umenewu yoyenera ndi PAO (periacetabular osteotomy), njira imene dokotala Reinhold Ganz ndi anzake a ku Bern, ku Switzerland, anaifalitsa mu 1988. Wodwala amagona chagada pa bedi loonetsa X-ray, makina a C-arm, ojambula X-ray opaleshoni ili m'kati, ali pambali. Amang'amba kutsogolo kwa chiuno, nkudula fupa mozungulira chikho malo anayi. Koyamba pansi, pa fupa lokhalira, koma osalimaliza. Kachiŵiri pa nthambi ya fupa la chinena. Kachitatu pamwamba pa denga, kusiya fupa lokwanira kugwira masikuluwu. Kachinayi amatsika kumbuyo kwa chikho kukakumana ndi podula poyamba paja, atasiya mzati wa kumbuyo uli wathunthu, wokhuthala pafupifupi sentimita imodzi. Mzati umenewu ndiwo umagwira chiuno chonse kuti chisagwedere, komanso umatchinga mtsempha waukulu wa sciatic, umene umayendetsa mwendo.

Chikho chikamasuka amabayamo chitsulo cha Schanz chogwirira, nkuchitembenuza kuti chifunditse mutu wa fupa kumbali ndi kutsogolo. Amachigwiriza kaye ndi mawaya, kujambula, kukonza, kujambulanso, ndipo akakhutira amamanga ndi masikuluwu atatu kapena anayi a mamilimita 3.5 kapena 4.5.

Povuta penipeni ndi potembenuzapo, osati podula. Akatembenuza pang'ono ululu sutha. Akapitirira muyezo, khosi la fupa la ntchafu limagunda m'mphepete mwa chikho wodwala akamakhala pansi kapena kunjuta, ndipo kwa mtsikana amene adzaŵerama kumunda ndi kuphika pa mbaula, limeneli ndi vuto lalikulu. Choncho asanasoke, dokotala amapinda mwendo kufika madigiri 90 ndi kuupotolera m'kati kuti aone ngati ukugunda.

Zina zimene zimalakwika: tchizulo ikaloŵera m'chikho imawononga polumikizira, mzati wa kumbuyo ukhoza kuthyoka, fupa la chinena nthawi zina silimalumikizana. Dzanzi pambali pa ntchafu ndi lofala chifukwa kamtsempha ka khungu kamadutsa pomwe amang'ambapo, ndipo ambiri limachepa pakapita miyezi. Magazi amatayika ochuluka, ndiye mlingo wa magazi (Hb) ukhale bwino, magazi owonjezera akonzedweretu, ndipo mankhwala ochepetsa kutaya magazi a tranexamic acid amathandiza. Popanda C-arm, magazi ndi dokotala woizoloŵera, opaleshoniyi isayesedwe.

Physio_Mchini

Akatuluka ku fiyeta, masabata 6 mpaka 8 ndi a ndodo ziŵiri, phazi likungokhudza pansi. Asanyamule mwendo uli woongoka m'masabata oyamba, chifukwa minofu imene yasokedwa kutsogolo imakoka. X-ray ikasonyeza kuti fupa lagwirana ndi pamene amayamba kuponda, nkulimbitsa minofu ya m'mbali mwa matako. Ikakhala yofooka kutsimphina sikutha ngakhale chikho chili bwino. Kusenza madzi ndi khasu zidikire miyezi yosachepera 6. Abale aganiziretu za chimbudzi chokhala ndi mpando, popeza chonjuta sichingatheke. Fodya ayi, amachedwetsa fupa.

Pemphani kalata ku Chipata Central kapena ku St Francis kuti akaonedwe ndi akatswiri a mafupa ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka, atanyamula zithunzi zonse. Kwa ana aang'ono kulinso chipatala cha Beit CURE. Iwo njira zawo n'zina: khanda losakwana miyezi 6 limavekedwa lamba wa Pavlik, wokulirapo amam'bwezera fupa m'chikho ndi kumuika pulasitala, ndipo wopitirira chaka ndi theka angafunike kudulidwa mwa njira ya Salter kapena Pemberton. PAO sachita mwana amene chichereŵechereŵe chokulitsa chikho sichinatsekeke, chifukwa podula pamadutsa pomwepo.

WakuKapata

Zikomo kwambiri nonse. Mayi ake afunsa ziŵiri: kodi adzabereka bwino, nanga chiunocho chidzakhala zaka zingati?

Mafupa_Katete

Auzeni mayi kuti PAO siipanikiza njira ya mwana kwenikweni, ndipo payokha si chifukwa chochitira opaleshoni pobereka, koma azamba adziwitsidwe, ndipo mimba idikire fupa ligwirane. Za zaka, pa odwala oyamba a ku Bern, ziuno 60 pa 100 zinali zisanasinthidwe patatha zaka 20, ndipo zimene zinalephera zambiri zinali za achikulire ndi amene nyamakazi inali itayamba kale. Iyeyu ali ndi zaka 19 ndipo mpata ulipo, ndiye kalata ija ilembedwe mwezi uno. Ayezeninso chiuno cha kumanja, ndiponso azing'ono ake aakazi, popeza vutoli limayenda m'banja.