Ndikufuna kupita ndi amayi ku Gold Reef City, paki ya zokwera ndi zosangalatsa ya ku Johannesburg, mu Epulo kapena Meyi, ndikonzekere bwanji kuchokera kuno ku Mangochi?

Abiti_waMpondasi

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za ku Joni. Ndikufuna kutenga amayi anga kuti akaone achimwene anga amene amakhala ku Mayfair, ndipo tsiku limodzi tikalowe ku Gold Reef City. Tikuganiza zonyamuka nthawi ya masika, Epulo kapena Meyi, tikatha kukolola. Amayi ali ndi zaka 68, amamwa mankhwala a BP tsiku lililonse, bondo lakumanja limawavuta akayenda mtunda, ndipo kunja kwa dziko sanapiteko. Pasipoti ali nayo koma yatsala miyezi 8 kuti ithe. Amadya za halaal zokha. Tikwere basi kapena ndege? Mwezi wabwino ndi uti? Nanga munthu wamkulu ngati iwowa akachitamo chiyani m'pakimo, sitikangotaya ndalama?

Che_Malindi

Achemwali, sankhani Meyi, sabata yachiwiri kapena yachitatu. Epulo musiyeni. Kumapeto kwa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Epulo ana a sukulu ku South Africa amakhala pa holide, Isitala nayo imagwa cha komweko, ndiyeno pa 27 Epulo pali Freedom Day, pa 1 Meyi pali tchuthi cha ogwira ntchito. Masiku amenewo pakiyo imadzaza, mizere imatalika, ndipo pokhala pansi pamasowa. Kwa munthu wa bondo, kuima pamzere n'kowawa kuposa kuyenda. Pofika pakati pa Meyi ana abwerera ku sukulu, mvula ya mabingu yomwe imagwa masana ku Johannesburg nthawi ya dzinja yaleka, kumwamba kumakhala mbee. Mukadikira mpaka Juni mukapeza chisanu chenicheni, choti m'mawa udzu umayera.

Koma ngakhale mu Meyi momwemo musayerekeze ndi kuno. Kuno ku boma mwezi umenewo masana timayendabe ndi malaya amodzi. Kumeneko masana kumafika madigiri 19 kapena 20, usiku kumatsika mpaka 6 kapena 7, ndipo nyumba zambiri za lendi zimakhala zozizira m'kati. Amayi atenge juzi yochindikala, jekete, masokosi, mpango wa m'khosi ndi nsapato zotseka zomwe anazizolowera kale. Nsapato yatsopano imatupitsa matuza tsiku lomwelo. Avale zovala zosanjikiza, chifukwa 9 koloko m'mawa kumazizira, 1 koloko masana dzuwa limawotcha, ikamati 4 koloko mphepo yabwereranso.

Za tsiku lolowera: pakiyo satsegula sabata yonse kukakhala kuti si holide, Lolemba ndi Lachiwiri kawirikawiri imakhala yotseka. Ine ndinganene Lachinayi. Lachisanu achimwene anu akafuna kupita ku mapemphero a Juma kumzikiti, Loweruka ndi Lamulungu ndiye anthu amachita kuthithikana. Tsikulo mulitsimikize pa webusaiti yawo, ndipo matikiti muguliretu pomwepo pa intaneti. Achimwene anu alipire ndi khadi lawo la banki ya kumeneko, sizivuta. Poti amayi sakakwera zothamanga, yang'anani ngati pali tikiti yotsika mtengo ya munthu wongolowa osakwera. Muwerenge bwino zomwe tikitiyo ikulola musanalipire, makamaka ngati ulendo wotsika mumgodi ulimo kapena ndi wolipira padera.

Anamwino_aKuNamwera

Pa funso la basi kapena ndege, ine ndiyankha ngati wa zaumoyo: ngati thumba likulola, ndege. Kuchokera ku Chileka kukafika ku bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg ndi maola awiri ndi mphindi zochepa. Basi ndi maola opitirira 30, nthawi zina masiku awiri athunthu, miyendo ili lende. Munthu wa zaka 68 wa BP akakhala choncho nthawi yaitali mapazi amatupa, ndipo choopsa n'chakuti magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'katumba. Chizindikiro chake ndi mwendo umodzi wokha kutupa, kutentha ndi kuwawa. Zikatero si zothowa ndi madzi otentha kapena kusisita ayi, ndi zothamangira kuchipatala, makamaka akayamba kubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa.

Pogula tikiti ya ndege nenani kuti amayi akufuna chikuku pabwalo, ndipo munene pasanatsale masiku awiri. Salipiritsa. Bwalo la OR Tambo ndi lalikulu, kuchoka potsikira ndege kukafika podindira mapasipoti ndi mtunda woti bondo limenelo lidandaula.

Kutatsala milungu iwiri kapena itatu apite kuchipatala akayezetse BP ndi shuga, muwauze adokotala za ulendowu. Pemphani mankhwala okwanira masiku onse, kuonjezapo a sabata imodzi yapadera. Akhale m'mapaketi ake olembedwa maina, osati kuwathira pamodzi m'kajumbo, ndipo muwaike m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala. Chikwama chachikulu chimatha kutsalira. Ngati pa mankhwala awo pali kapiritsi kokodzetsa ka HCTZ, funsani adokotala nthawi yabwino yomwera tsiku la ulendo. Akuluakulu ambiri amangokasiya mwakachetechete, kapena amakana kumwa madzi poopa kuvutitsa anthu ndi za kuchimbudzi, ndiye amafika BP itakwera, mutu ukuwawa. Zimenezi muziyang'anire inuyo, iwo sanena.

China chimene anthu akunyanja sitichiganizira: Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, pomwe Mangochi safika mamita 500. Mpweya wake ndi wopepuka komanso wouma. Masiku oyamba munthu amapuma wefuwefu pokwera masitepe, milomo imang'ambika, tulo sitibwera bwino. Choncho musawatengere ku paki mawa lake mutangofika. Apume masiku awiri kapena atatu, azimwa madzi, azidzola vaselini.

Ndipo malungo. Munthu wochokera kuno amatha kunyamuka nawo m'thupi asakudziwa, n'kukadwalira kumeneko. Ku Johannesburg kulibe malungo, ndiye thupi likatentha mwezi wa Meyi aliyense amaganiza za chimfine. Mukapita kuchipatala nenani msanga kuti mwachokera ku Malawi, kudera la malungo, ndipo pemphani kuti awayeze magazi. Nambala yadzidzidzi pafoni ya m'manja ndi 112, ya ambulansi ndi 10177. Inshuwalansi ya paulendo gulani, koma mufunse mwachindunji ngati ikulipira matenda omwe munthu ali nawo kale, chifukwa zambiri zotchipa BP siziwerengera.

Mzimba_Joni_Mangochi

Anamwino anena zoona, koma tisabise: mtengo wa ndege wa anthu awiri si aliyense angaukwanitse, ndipo agogo ambiri amayenda pa basi n'kukafika bwino. Nkhani ndi kakonzedwe. Njira yake ndi Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi ku Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, Masvingo, Beitbridge, kenako Musina, Polokwane, Pretoria mpaka Johannesburg. Malire atatu, ndipo pa malire aliwonse mumatsika kawiri, potuluka ndi polowa. Povuta kwambiri ndi pa Beitbridge: mumatsitsa katundu, mumaima pamzere, nthawi zambiri usiku kukuzizira. Pamenepo uzani kondakitala kuti muli ndi munthu wamkulu wa bondo, ndipo inunso lankhulani mwaulemu ndi oyang'anira mzere, okalamba amawaganizira. Gulani mipando ya kutsogolo, amayi akhale mbali ya kanjira kuti azitambasula mwendo, ndipo basi ikaima paliponse atsike ayendeko pang'ono ngakhale sakufuna. Kamba mutenge wanu: mpunga, chambo chokazinga bwino chouma, mazira owiritsa, madzi. Malo oima m'njira nyama yake simungaidziwe ngati ndi ya halaal. Njira ina yapakati: popita ndege, pobwerera basi pomwe muli ndi katundu wambiri, kapena amayi abwerere pa ndege inu n'kutsatira ndi katundu.

Tsopano pasipoti ija. Miyezi 8 muwerengere pa tsiku lonyamuka, osati lero. South Africa imafuna kuti pasipoti ikhale ndi moyo masiku osachepera 30 kuchokera tsiku lomwe mukutulukamo, komanso masamba opanda chidindo, siyani awiri. Koma mukadzera pamsewu, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe amayang'ana miyezi 6. Ngati pofika Meyi ikhala itatsika pansi pa pamenepo, pitani ku Immigration panopa, musadikire Epulo.

Viza sifunika kwa ife ngati mukukacheza masiku osapitirira 30. Chenjezo langa ndi ili: akadinda, musachoke pawindo musanawerenge tsiku lomwe alemba. Nthawi zina amapatsa masiku ochepa kuposa 30, ndipo tsiku lolembedwalo ndilo lamulo. Kupitirira ndi masiku ochepa kumachititsa kuti munthu aletsedwe kulowanso kwa chaka, kupitirira ndi masiku oposa 30 ndi zaka 5. Mukhale ndi tikiti yobwerera, adilesi ndi nambala ya foni ya achimwene anu zolembedwa papepala, osati m'foni mokha.

Ma randi gulani ku banki kapena kumalo ovomerezeka osinthira ndalama, mutenge pasipoti ndi tikiti, ndipo yambani msanga poti ndalama zakunja zikuvuta. Risiti isungeni. Nthawi ndi imodzi ndi yathu, wotchi simusintha, koma masoketi ndi osiyana: athu ndi a mano atatu amakona, awo ndi a mano obulungira, ndiye tchaja sichilowa popanda adaputala. Kupita ku paki kuchokera ku Mayfair ndi pafupi, itanani Uber kapena Bolt mpaka pageti. Mataxi a m'misewu ndi osinthasintha, amayi angatope musanafike n'komwe.

Che_Malindi

Ndibwerenso pa funso lachitatu, loti akachitamo chiyani, chifukwa ndi pamene pagona ulendo wonse. Simukataya ndalama, bola tsikulo mulikonze poyang'ana amayi osati zokwera.

Pakiyi inamangidwa pa mgodi weniweni wa golide, Shaft 14 ya Crown Mines, womwe unatsekedwa mu 1971. Kwa munthu wa msinkhu wa amayi anu nkhani imeneyi si yachilendo. Kuno kwathu ndi mabanja ochepa amene alibe bambo, malume kapena mlamu amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, kenako Theba. Amakumbukira 1974, pamene ndege yonyamula anthu a kumigodi inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. Zimene ankangomva m'nkhani za obwerako, chikepe, zipewa zolimba, nyali za pamutu, mdima wa pansi, akaziona ndi maso. Yambirani kumeneko m'mawa mphamvu zikadalipo.

Ulendo wa mumgodi amakutsitsani pa chikepe mamita pafupifupi 75, ndipo pansipo mumayenda wapansi ndi wokutsogolerani. Pansi pake si posalala, malo ena ndi ponyowa, choncho nsapato zotseka ndi ndodo n'zofunika. Musanalowe mufunseni wotsogolerayo kutalika kwa mtunda, muwafotokozere amayi m'Chichewa kuti asankhe okha. Ngati amaopa malo opanikizika musawakakamize. Pamwamba pomwepo pali chionetsero chosungunula golide n'kumuthira m'chikombole, chomwe amaonera atakhala pansi, komanso nyumba zakale za nthawi ya migodi zomwe mumalowamo pang'onopang'ono. Mukangolowa pageti funsani nthawi ya zionetsero za tsikulo kuti muyende motsatira zimenezo.

Zokwera zoti asayandikire: Tower of Terror, yomwe imagwetsa anthu chamutu kulowa m'dzenje, Anaconda, Golden Loop, Jozi Express. Pakhomo pa chilichonse pali chikwangwani chochenjeza a mtima, a BP, a msana ndi khosi, ndipo sanalembe mocheza. Zamadzi nazo ayi, osati chifukwa choopsa chokha: mumanyowa, ndipo kunyowa mu Meyi ndi mphepo ija ndi kuitana chifuwa. Chowayenera ndi Giant Wheel, gudumu lalikulu loyenda mofatsa, pamwamba pake mumaona mzinda ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi. Inuyo mukafuna kukwera zothamangazo, achimwene anu atsale nawo amayi pamthunzi, muzisinthana. Asatsale okha ndi zikwama.

Maola anayi kapena asanu akwana. Fikani potsegula, cha m'ma 9:30, pumani ola lililonse, tulukani isanakwane 3 koloko.

Abiti_waMpondasi

Zikomo kwambiri nonse, za miyezi 6 ija sindinkazidziwa, ndipita ku Immigration sabata ino. Nanga chakudya cha masana? Ndipo achimwene akuti tikaonenso Apartheid Museum, nyumba yosungiramo mbiri ya ulamuliro wa tsankho, tsiku lomwelo poti ili pompo.

Anamwino_aKuNamwera

Ili pompo ndithu, moyandikana ndi paki, koma tsiku lomwelo ayi. Inatsegulidwa mu 2001, tikiti yake ndi yapadera, ndipo kuti muone bwino pamafunika maola awiri kapena atatu, ambiri mwa iwo muli chiimire mukuwerenga ndi kuonera zithunzi. Kuphatikiza ziwirizo bondo litupa, mawa lake sadzuka. Ipatseni tsiku lake, padutse tsiku limodzi lopuma pakati, ndipo inu mukhale womasulira chifukwa zonse zalembedwa m'Chingerezi.

Za chakudya, adye mokwanira kunyumba m'mawa n'kumwa mankhwala awo pa nthawi yake. M'pakimo musadalire mawu a wogulitsa okha, yang'anani satifiketi ya halaal yopachikidwa pakhoma. Ngati palibe, agule tiyi, zipatso kapena buledi zongogwiriziza. Zokazinga za m'malo otere mchere umachuluka, kwa a BP si zabwino. Chakudya chenicheni mukadye potuluka ku Fordsburg, pafupi ndi Mayfair pomwepo, komwe malo odyera a halaal ali mbali zonse za msewu. Botolo la madzi likhale m'manja mwanu, ndipo mukangolowa pageti onani pamapu pomwe pali zimbudzi, muziwafunsa nokha ola lililonse ngati akufuna kupitako.