Manda a mfumu ya Aselote ku Hochdorf: nsalu zinapulumuka bwanji?

Mwale_Chelstone:
Akuluakulu, ndithandizeni. Manda a mfumu ya Aselote (mtundu wa anthu akale a ku Ulaya) a ku Hochdorf ku Germany akuti ndi a cha m'ma 530 BC, koma anapezamo nsalu ndi chipewa cha khungwa la mtengo. Zaka 2,500 m'nthaka, nsalu osaola? Nanga akuba anali kuti?

Mayi Zulu, Kabwata:
A Mwale, tiyambe ndi akubawo. Omanga anakumba dzenje n'kumangamo zipinda ziwiri zamatabwa, china m'kati mwa chinzake. Cham'katicho chinali mamita 4.7 mbali zonse. Pampata wa zipindazo ndi padenga anaunjikapo miyala yolemera pafupifupi matani 50, kenako anakwirira ndi dothi mpaka mtumbira unafika mamita 6 kutalika ndi 60 m'lifupi. Wofuna kuboola njira yolowera akanakumana ndi miyala yokhayokha. Ku Hohmichele, manda ena otere pafupi ndi mudzi wakale wa Heuneburg ku Germany komweko, chipinda chapakati akuba anachiseseratu kalekale.

Koma miyalayo inawononganso. Denga litafumbwa, yonse inagwera m'kati n'kuphwanya ngolo ya mawilo 4 imene inali m'mandamo. Katswiri wofukula zakale Jörg Biel atafukula mu 1978 ndi 1979, anaipeza ili zidutswazidutswa.

Tembo wa ku Matero:
Za nsalu, chinsinsi ndi mkuwa. Mtembo anaugoneka pa mpando wa bronze (mkuwa wosakaniza ndi chitsulo china) wotalika mamita 2.75. Mkuwa ukamachita dzimbiri lobiriwira lija, umapha tizilombo toolesa zinthu, ndiye nsalu ndi ubweya zimene zaukhudza zimatsala. Kutali ndi chitsulo, zambiri zinaola. Nkhaniyi si yachilendo kwa ife: ku Ingombe Ilede, pafupi ndi Siavonga, tizidutswa ta nsalu tinapulumuka chifukwa cha zibangili zamkuwa.

Vuto limabwera pofukula. Nsalu yotere ikauma mofulumira imayoyoka ngati phulusa, n'chifukwa chake amaidula pamodzi ndi dothi lake, n'kuikulunga, kukaitsegulira ku labotale.

Mayi Zulu, Kabwata:
A Tembo, musaiwale mphika waukulu umene unali m'mandamo. Unachokera kwa Agiriki, wolowa malita 500, ndipo mungu wa maluwa wotsalira pansi pake ndiwo unaulula kuti munali chakumwa cha uchi. Pakhoma panapachikidwa nyanga 9 zomwera, yaikulu yachitsulo yolowa malita 5.5. Mbale zamkuwa nazonso 9. Kwa ine, izi zikunena zambiri za ufumu wa munthuyu kuposa golide wa pansapato zake: anali wodyetsa anthu.

Komanso musaganize kuti manda otere anali a amuna okha. Ku Vix, France, mu 1953 anapeza mayi ali ndi mkombero wa pakhosi wagolide wa magalamu 480 ndi mtsuko wosakanizira vinyo wolowa malita 1,100.