Geji ikunena 6.5, kompyuta ikunena 4: ndikhulupirire iti?

Wogwira Usiku
Akuluakulu, ndithandizeni chifukwa mutu wanga waima. Pa siteshoni yathu ya booster (yowonjezera mphamvu ya madzi m'mapaipi), geji ya presha ya kotulukira madzi ikuonetsa pafupifupi 6.5 bar, singano yake ikunjenjemera pakati pa 6 ndi 7, pamene transmitter (chida choyesa presha n'kuitumiza pa waya) ya pa paipi yomweyo ikutumiza 4.0 bar ku SCADA (kompyuta yoyang'anira siteshoni) osasuntha ngakhale pang'ono. Setpoint ya VFD, kutanthauza presha imene chida chowongolera liwiro la pampu chinauzidwa kusunga, ndi 4 bar, choncho kwa kompyuta zonse zili bwino. Komatu m'milungu itatu yapitayi paipi yaphulika kanayi kumunsi kwa siteshoniyi, nthawi zonse pakati pa usiku, ndipo wodzutsidwa kukatseka mavavu ndi ine. Transmitter inasinthidwa mwezi watha ndi kontrakitala, yakale itapsa ndi mphenzi, ndipo pepala la ntchito imene anagwira sindinalione. Geji ndi youma (yopanda gilisalini m'kati), ya 0 mpaka 10 bar. Abwana akufuna lipoti Lolemba, ndipo sindingalembe kuti zida ziwiri zikutsutsana basi.

Agogo a Mapampu
Mwana wanga, geji imeneyo inafa kalekale. Geji youma yoikidwa pafupi ndi pampu sikhala moyo wautali, chifukwa kunjenjemera kumadya timano ta m'kati timene timazunguza singano, ndipo kachubu kopindika ka m'kati mwa geji kakamenyedwa ndi madzi kawirikawiri sikabwereranso m'malo mwake. Chotsani, muike ya gilisalini, mukagone.

Woyesa Zida
Agogo, ndikupempha kuti tisaweruze mlandu tisanamve mbali zonse. Achimwene, nambala imodzi siingatiuze kanthu. Tipatseni zimene zida ziwirizi zikuonetsa pampu itazima, ndiponso zimene geji ikuonetsa mukatseka vavu yake ndi kutulutsa presha yotsalira. Ngati kusiyana kuli kofanana pa presha yochepa ndi pa presha yambiri, ndiye kuti chida china chasuntha ziro wake. Koma ngati kusiyanako kukukula presha ikamakwera, vuto lili pa range (malire a presha imene chida chimayesa), kaya ya chida kaya ya mu PLC (kakompyuta kolamulira pampu).

Pali zina zimene tingachotseretu. Bar imodzi ndi madzi otalika mamita 10.2, choncho kuti zida ziwiri zisiyane ndi 2.5 bar chifukwa cha pamene zinaikidwa, china chiyenera kukhala mamita 25 pamwamba pa chinzake, zimene sizingatheke pa paipi imodzi ya m'nyumba ya mapampu. Akanakhala kuti anakuikirani transmitter ya absolute (yowerengeranso presha ya mpweya wotizungulira) m'malo mwa ya gauge, bwenzi ikuwerenga pafupifupi 1 bar kuposa geji, osati kuchepera. Ndipo geji ya class 1.6 ya 10 bar imaloledwa kulakwa ndi 0.16 bar yokha. Kusiyana kwanuko n'kwakukulu kwambiri moti china chake chalakwika ndithu.

Wogwira Usiku
Ndapitako masana ano. Pampu itazima geji inakhala pa 2.7, SCADA pa 1.5. Nditatseka vavu ya geji ndi kutulutsa presha, singano sinafike pa ziro, inaima pa 0.3.

Agogo a Mapampu
Mwaona? Ndinanena ine. Geji yosabwerera pa ziro ndi mboni yabodza, ndipo mboni ikanama kamodzi sitiifunsanso kachiwiri. Chipangizo chimenechi Eugène Bourdon anachilembetsa ku France mu 1849, ndipo kuyambira nthawi imeneyo matenda ake sanasinthe: kachubu kakatopa, katopa.

Mayi wa Zamagetsi
Agogo, kuti geji yavulala palibe akutsutsa, koma yavulala ndi 0.3, pamene ife tikufunafuna 2.5. Tiyeni tichotse 0.3 ameneyo pa 2.7, titsala ndi 2.4. Mukagawa 1.5 ndi 2.4 mupeza 0.625, ndipo mukagawa 10 ndi 16 mupezanso 0.625. Sindikhulupirira kuti zimenezi zangochitika mwangozi. Ine ndikuganiza kuti transmitter yakale inali ya 0 mpaka 10 bar, kontrakitala anaikapo ya 0 mpaka 16 imene inali m'galimoto mwake, ndipo palibe anakhudza scaling mu PLC, kutanthauza kasinthidwe ka mA ochokera pa waya kukhala bar.

Werengani nane. Ngati presha yeniyeni ndi 6.4 bar, pa chida cha 16 bar ameneyo ndi 40 peresenti, ndipo popeza transmitter imatumiza 4 mA pa ziro ndi 20 mA pa mapeto a range yake, pa waya pakuyenda 10.4 mA. PLC imene ikudziwabe kuti 20 mA ndi 10 bar ikalandira 10.4 mA imanena kuti 4.0 bar. VFD ikugwira ntchito yake mokhulupirika, koma ikuuzidwa zabodza, ndipo mapaipi anu akusenza mamita 24 a madzi amene palibe anawapempha. Kawerengeni kambale ka pa transmitter. Ngati ili ya HART (mtundu umene umalandira malamulo kudzera pa waya) musadalire kambale kokha, chifukwa range yake imasinthidwa ndi kachida kapamanja kotchedwa communicator popanda kusiya chizindikiro kunja.

Koma chonde, achimwene, musadule loop (waya wa signal wa transmitter) kuti muikepo multimeter VFD ili pa auto. Waya akaduka PLC iona 0 mA, ndipo ngati amene analemba pulogalamu sanaikemo chitetezo cha signal yotayika, idzaganiza kuti presha yatha n'kuthamangitsa pampu mpaka pa liwiro lake lonse. Ikani pa manual kaye, kapena yesani pa test terminals ngati zilipo, kapenanso yesani volteji pa resistor ya 250 ohm ngati ilipo, pomwe 10.4 mA adzaoneka ngati 2.6 V.

Wa ku Maboila
Zimene anena achemwaliwa zandikumbutsa zimene zinatichitikira pa boila ina zaka zapitazo. Mnyamata wina watsopano anasintha geji ya nthunzi, ndipo poona kachitsulo kopota kaja kamene timati pigtail, anaganiza kuti kangotalikitsa njira, n'kukachotsa. Sankadziwa kuti m'kupota muja mumakhala madzi amene amatchinga nthunzi yotentha kuti isafike pa kachubu. Patapita masiku ochepa geji inayamba kunena zake, galasi lake litachita chifunga m'kati, ndipo tinataya tsiku lathunthu tikuimba mlandu safety valve yosalakwa. Chiyambire pamenepo chida chilichonse chimene munthu wina wasintha ine kulibe ndimachiyesa mlendo mpaka nditachiona ndi maso anga. Ndiponso musamasule geji kapena transmitter musanatsimikize kuti vavu yake ikutsekadi. Ambiri a mavavu aang'ono amenewa amakhala zaka osagwiridwa, chogwirira chimazungulira koma m'kati mulibe chikutseka.

Agogo a Mapampu
Masamu a mayiwa ndi okoma, sindikana, koma onse akhazikika pa manambala ochokera pa geji yakufa. Mukuchotsa 0.3 ngati kuti mukudziwa kuti ikulakwa ndi 0.3 paliponse. Kachubu kotopa kakhoza kulakwa 0.3 pa ziro n'kulakwa 1 yathunthu pa 6. Sinthani geji.

Woyesa Zida
Apa pokha Agogo ali ndi mfundo, ngakhale kuti mankhwala awo sakukwanira. Simungaweruze pakati pa zida ziwiri zokayikitsa popanda chachitatu chodalirika. Bwerekani test gauge ya class 0.25 kapena 0.6, kapena ya digito, imene ili ndi satifiketi yosatha nthawi, muiike pa tapping yomweyo, pa kabowo ka pa paipi polumikizira chida. Mukhoza kutero tsiku limodzi lomwelo. Ngati muli ndi pampu yapamanja yoyesera, tsekani vavu ya transmitter, muipatse presha ya 0, 4, 8 ndi kupitirira, mukulemba mA ndi zimene SCADA ikuonetsa pa sitepe iliyonse, pokwera ndi potsika pomwe. Pamenepo mudzakhala ndi tebulo loti muike mu lipoti, osati maganizo a anthu a pa gulu.

Pa nkhani ya geji yatsopano, musangogula yofanana ndi yakale. Malangizo a EN 837 amati presha yokhazikika isapitirire 75 peresenti ya sikelo, ndipo ngati ikukwera ndi kutsika isapitirire 65 peresenti. Geji yanu ya 10 bar yakhala mwezi wathunthu pa 6.5 ikugwedezeka, ndiye kuti yakhala pa malire penipeni, ndipo n'kutheka kuti chimene chaivulaza ndi presha yomweyo imene kompyuta ikuikana. Ndiponso mukaika ya gilisalini kumbukirani kutsegula kapulagi ka pamwamba monga wopanga analembera, chifukwa bokosi lotsekeka likatenthedwa presha ya m'kati mwake imasuntha singano, makamaka pa mageji a range yaing'ono.

Wa ku Suweji
Ine ndingowonjezera kuti musaiwale kabowo kolowera. Kwathu ku madzi onyansa transmitter yopanda diaphragm seal (kachikopa kotchinga zinyalala) imatsekeka m'masiku ochepa, koma ngakhale pa madzi oyera ndinaonapo tapping itadzaza dzimbiri ndi mchenga mpaka chida n'kumangoonetsa nambala imodzi usana ndi usiku. Chimene chandidabwitsa m'mawu anu oyamba ndi akuti 4.0 osasuntha. Tsegulani trend, girafu ya presha ya pa SCADA, ya mlungu wonse. Ngati mzere uli woongoka ngati wolembedwa ndi rula ngakhale pamene pampu yachiwiri ikuyamba, mwina damping, imene imachedwetsa kusintha kwa nambala, yaikidwa yaikulu kwambiri, mwinanso kabowo katsekeka pang'ono. Ndikudziwa kuti pampu itazima inatsika kufika pa 1.5, koma tiuzeni kuti inatenga masekondi angati kuti ifike pamenepo.

Mayi wa Zamagetsi
Mzere woongoka pa loop ya PID, imene imasintha liwiro la pampu kuti presha ikhale pa setpoint, si chachilendo, achimwene, ndiyo ntchito yake. Koma funso la masekondi ndi labwino.

Wa Zotayika
Ine ntchito yanga ndi yosaka madzi otayika, choncho ndilankhula za kuphulikako. Kuti mapaipi akuphulika usiku sizikundidabwitsa. Masana anthu akamatunga, madzi amathamanga m'mapaipi ndipo presha yambiri imathera m'njira. Pakati pa 2 koloko ndi 4 koloko usiku madzi amayenda pang'ono, ndiye pafupifupi presha yonse ya pa siteshoni imakafika kumunsi, kuphatikizapo imene imabwera chifukwa cha kutsetsereka kwa malo. Malo otsika mamita 20 kuchokera pa siteshoni, usiku akulandira pafupifupi 8.4 bar ngati mayiwa akulondola. Paipi yakale yokhala ndi zigamba siingapirire zimenezo nthawi yaitali.

Koma musatseke maso pa water hammer, kumenya kwa madzi m'paipi akaimitsidwa mwadzidzidzi. Joukowsky anaonetsa mu 1898 kuti madzi akaimitsidwa mwadzidzidzi, presha imakwera molingana ndi liwiro limene atayalo ndi liwiro la funde m'paipi. M'paipi yachitsulo funde limayenda pafupifupi mamita 1000 pa sekondi, choncho kuimitsa madzi oyenda mita imodzi pa sekondi kumawonjezera pafupifupi mamita 100, kapena kuti 10 bar. M'mapaipi apulasitiki n'kocheperako, koma kulipo. SCADA imene imalemba kamodzi pa mphindi zingapo siingaone zimenezi, ndipo geji imangogwedezeka kamodzi inu muli m'tulo. Ngati magetsi amazimazima usiku kapena non-return valve yanu (vavu yoletsa madzi kubwerera) imamenya ngati chitseko, ikani logger (chida cholemba presha) yowerenga kambirimbiri pa sekondi pa hydrant ya kumunsi kwa masiku angapo. Tinasakapo kwa miyezi iwiri chimene chinkaphulitsa paipi ina, mapeto ake inali vavu ya thanki ya fakitale ina imene inkatseka mwamphamvu thanki ikadzaza.

Agogo a Mapampu
Logger, communicator, test gauge, zonsezi muzipempha kwa abwana mpaka mwezi utha. Geji ya gilisalini ili m'sitolo ya pa ntchito iliyonse. Ife tinayendetsa masiteshoni zaka zambiri popanda kompyuta, tinkagwira paipi ndi dzanja n'kumvera pampu ndi khutu. Yambani mwasintha geji.

Woyesa Zida
Asinthe ndithu, Agogo, palibe akuwaletsa. Koma geji yatsopano ikanenanso 6.4 tidzabwerera pomwe tili pano.

Wa Zotayika
Chenjezo lina limene palibe walitchula. Tiyerekeze kuti mwapeza kuti ndi scaling, musangoikonza n'kuchoka. Mphindi imene mudzalembe 16 m'malo mwa 10, PLC idzaona 6.4 pamene ikufuna 4, ndipo idzatsitsa pampu nthawi yomweyo. Anthu okhala kumtunda amene mwezi uno akhala akulandira madzi amphamvu adzaona kusintha tsiku lomwelo, ndipo mafoni odandaula adzagwera inu. Tsitsani pang'onopang'ono pa manual, wina ataima ndi geji pa malo okwera kwambiri a dera limenelo, ndipo muonenso ngati 4 bar akadali okwanira panopa. Onaninso ma alarm, chifukwa ngati high pressure trip, imene imazimitsa pampu presha ikakwera kwambiri, inaikidwa pa 6 bar, mwezi wonsewu yakhala ikudikira presha yeniyeni ya 9.6 kuti igwire ntchito.

Mayi wa Zamagetsi
Zoonadi, ndipo sungani kope la pulogalamu musanakhudze kalikonse, mulembenso tsiku ndi dzina la amene wavomereza kusinthako. Manambala onse a mwezi uno amene ali mu historian, mosungira manambala akale a SCADA, nawonso ndi olakwika, musawagwiritse ntchito mu lipoti osawakonza. Achimwene, kambale ka transmitter kakuti chiyani?

Wa ku Suweji
Nafenso tikudikira. Kodi kontrakitala yemweyo sanasinthenso transmitter ya ku suction, kolowera madzi mu pampu?

Agogo a Mapampu
Akhala chete chifukwa apita kukasintha geji.