Khonde la fulati pa fulo yachinayi, mwana wayamba kukwera: nditchinge ndi chiyani?

Make Tadala, Berea

Moni nonse a kuno ku Joni. Tikukhala pa fulati ya lendi, fulo yachinayi. Mwana ali ndi chaka ndi miyezi 8 ndipo wayamba kukwera chilichonse. Khonde lathu ndi la mamita 3 m'litali, m'lifupi mita imodzi. Zitsulo zotchinga ndi zoimirira, koma pali ziwiri zopingasa, china m'munsi china pakati. Chitseko ndi chagalasi chokankhira m'mbali. Ena akuti ndigule shade net, neti ija yotchingira dzuwa, ena akuti waya wa nkhuku. Chabwino n'chiti? Nanga landilodi angakane? Chonde ndithandizeni, mtima sukukhala m'malo.

Mmisiri wa ku Turffontein

Make Tadala, musanagule kalikonse tengani tepi muyeze. Malamulo a zomangamanga a dziko lino, SANS 10400, amati khonde lam'mwamba likhale ndi chotchinga chosachepera mita imodzi kutalika, ndipo pasakhale mpata woti mpira wa 100 mm n'kudutsapo. Mafulati ambiri a ku Berea, Hillbrow ndi Yeoville ndi akalekale, ndiye musangoti zonse zili bwino musanaone nokha.

Yezani mpata uliwonse paokha: ya pakati pa zitsulo, wa pansi pakati pa simenti ndi chitsulo choyamba, komanso wa kumapeto pomwe chotchinga chikukumana ndi khoma. Wa kukhomawu ndi umene anthu amauiwala. Mwana sayamba ndi mutu. Amakhala pansi, n'kutulutsa miyendo, thupi n'kudutsa, mutu n'kukanirira, ndiye amatsala akulendewera pakhosi. N'chifukwa chake ine mpata wopitirira 8 cm ndimati utsekedwe ngakhale lamulo likuulola.

Koma vuto lenileni pa khonde lanu ndi zitsulo zopingasazo. Kwa mwana amenewo ndi makwerero. Ngati chapakaticho chili pa 50 cm, iye akapondapo chotchinga chatsala 50 cm basi. Ana a msinkhu umenewu mutu umakhala wolemera poyerekeza ndi thupi, akasuzumira umawakokera kunja.

Shade net musayerekeze. Imatamuka, mwana akaiponda imalowa m'kati mwa zitsulo n'kupanga kathumba pamwamba pa chopingasacho, phazi n'kukhazikika bwinobwino. Waya wa nkhuku mabowo ake amakwana zala za kuphazi, ndi wofewa, ndipo ukaduka umabaya. Neti yothamangitsira nkhunda imene ili pa makonde ambiri m'tauni muno nayonso siyotchingira mwana, anaipangira mbalame.

Chofunika ndi chinthu chosalala, chopanda popondera, choikidwa mbali ya m'kati. Chabwino kwambiri ndi polycarbonate, pulasitiki yolimba yoonekera ngati galasi, yosagumuka, ya 4 mm. Isakhale perspex, pulasitiki ina yooneka chimodzimodzi, imene ija matalala a kuno akaimenya imang'aluka n'kusiya nsonga zakuthwa. Pepala lathunthu limakhala 2050 ndi 3050 mm. Akalidula pakati m'litali mumapeza zidutswa ziwiri za mita imodzi ndi pang'ono, chimodzi cha kutsogolo, chinacho mudulemo za m'mbali ziwiri. Ogulitsa ambiri amadula okha mukawapatsa miyezo.

Poika muchite chonchi. Mbali yotetezedwa ku dzuwa, imene amailemba pa pulasitiki yokutira, iyang'ane kunja. Boolani mabowo awiriawiri, limodzi mbali iyi ya chitsulo choimirira lina mbali inayo, pa 30 cm iliyonse kukwera m'mwamba. Bowo likhale la 8 mm ndipo litalikire 3 cm kuchokera m'mphepete. Likhale lotakasuka dala, chifukwa polycarbonate imafufuma ndi kutentha pafupifupi 3 mm pa mita, mukaimanga mothina imapindika kapena kung'ambika pa bowopo. Pansi siyani mpata wa 2 cm kuti madzi a mvula azituluka.

Mangani ndi ma cable tie (timalamba tomangira tija) achitsulo chosachita dzimbiri, kapena akuda olembedwa UV. Oyera aja ayi. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, dzuwa lake limadya pulasitiki msanga, oyerawo amauma n'kumathyoka ngati kamtengo pamene inu mukuona ngati akadali olimba. Mitu yake ikhale kunja, michira muidule.

Ngati ndalama ya polycarbonate palibe, gulani welded mesh ya mabowo a 13 ndi 13 mm, ija amapangira makola a mbalame, ku Builders kapena Cashbuild. Ikokeni ithine, muimange pa 15 cm iliyonse, m'mphepete mwapamwamba muvekemo payipi yothirira maluwa yong'ambidwa m'litali kuti waya usacheke manja.

Chinanso musanaike chilichonse: gwirani chotchingacho muchigwedeze ndi mphamvu, muyang'ane pomwe zitsulo zalowa mu simenti. Mukaona dzimbiri lokakatuka, simenti yong'aluka kapena mizere yofiirira, imani kaye. Pepala lotseka limakola mphepo, ndipo mphepo ya mu Ogasiti pa fulo yachinayi imakankha kwambiri. Chitsulo chodyeka patsinde chiyambe chawotcheredwa, ndipo ntchito imeneyo si yanu, ndi ya eni nyumba.

Anaphiri, Rosettenville

Amisiri afotokoza bwino, koma mayi, ine ndikuti muyambe ndi chitseko, lero lomwe. Zotchinga zidikira chilolezo ndi ndalama, chitseko sichidikira kanthu.

Kaloko ka chitseko chokankhira m'mbali kamakhala pafupifupi pa mita imodzi, mwana wa zaka ziwiri amakafikira ndipo amaphunzira pongoonera inu. Madzulo ano dulani mpini wa tsache muugoneke mu kanjira ka pansi kumbuyo kwa chitseko. Mukafuna mpweya uzilowa, udulireni kuti chitseko chizitseguka 8 cm n'kuima. Umenewu ndi wongogwirizira, chifukwa tsiku lina adzauchotsa. Kenako muikitse patio bolt, kaloko ka kiyi ka zitseko zotere, pamwamba pa felemu, pa 1.6 m kapena kupitirira. Woboolayo asamale, dirilo ikakhudza m'mphepete mwa galasi limaphwanyika lonse. Kiyi ipachikeni pa msomali wam'mwamba pafupi ndi chitseko pomwepo, kuti moto utabuka musaifunefune mu utsi.

Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti mayi atuluka kukayanika zovala, mwana ali m'kati n'kukankha kaloko, mayi n'kutsekeredwa kunja, pa sitovu pali poto. Potuluka muzitenga foni, ndipo muzigoneka thaulo pa kanjirako kuti chitseko chisatsekeke chonse.

Tsopano khondelo. Ife timalisandutsa sitolo: ndowa, makireti, beseni, thumba la ufa, silinda ya gasi ya 9 kg, miphika ya maluwa, choyanikira zovala chopinda. Zonsezi ndi zopondera. Pa khonde lopapatiza ngati lanu palibe ngodya yoti pano ndi patali, chilichonse chimene mwana angachikankhe chichoke. Mpando wapulasitiki ndiye woopsa kuposa zonse chifukwa ndi wopepuka, amatha kuukoka kuchokera pabalaza. Ndowa yonyikamo matewera kapena mopu isagone ndi madzi, mwana akagweramo chamutu sangadzuke yekha ngakhale madzi akhale ochepa. Chingwe choyanikira chikhale pamwamba, chisalendewere.

Ndipo musamamunyamule n'kumamuonetsa magalimoto pamwamba pa zitsulo. Mukumuphunzitsa kuti zokoma zili kuseri kwake. Muwauzenso bambo ake, alendo ndi omulera.

Achimwene a ku Randburg

Za landilodi. Mafulati ambiri ali pansi pa body corporate, bungwe la eni mafulati a m'nyumbamo, ndipo lamulo lake ndi Sectional Titles Schemes Management Act la 2011. Chilichonse chosintha maonekedwe akunja kwa nyumba chimafuna chilolezo cholembedwa cha ma trustee, akomiti oyendetsa bungwelo. Inu ngati wa lendi simupita kwa iwo mwachindunji, mumadzera kwa landilodi kapena ajenti. Lembani pa imelo kapena WhatsApp, osangouza caretaker pakamwa. Tumizani zithunzi, miyezo ya mipata, ndipo nenani zinthu zitatu: chotchingacho n'choonekera, chikhala mbali ya m'kati, ndipo simuboola khoma kapena zitsulo, mudzachichotsa posamuka. Apa ndi pomwe polycarbonate imapambanira shade net yobiriwira, imene amaikana chifukwa imaonekera kumsewu. Patio bolt ija imafuna kuboola felemu, nayonso ilowe m'kalatamo kuti asadzadule dipoziti.

Mukapeza kuti chotchinga n'chofupika kuposa mita imodzi kapena chikugwedera, limenelo ndi vuto la nyumba. Landilodi akamazengereza mutamulembera, nkhani mutha kuitengera ku Gauteng Rental Housing Tribunal, bwalo loweruza mikangano ya alendi ndi eni nyumba, kudandaula kumeneko n'kwaulere. Musasiye kulipira lendi pofuna kumukakamiza, mlandu ungatembenukire inu.

Make Tadala, Berea

Zikomo kwambiri nonse. Ndayeza: kutalika ndi 1.02 m, mipata 11 cm, wa kukhoma 14 cm. Mpini wa tsache ndaika kale. Nanga mawindo a kuchipinda? Alibe ma burglar bar chifukwa tili m'mwamba.

Namwino wa ana, Parktown

Mayi, mipata imeneyo ndi yaikulu, makamaka wa 14 cm. Mpaka mutatseka, mwana asaponde pakhondepo ngakhale inu mulipo. Miyezo yomweyo ilembeni m'kalata ya kwa landilodi, chifukwa yapitirira zimene lamulo limalola.

Mawindo mwafunsa bwino. Ikani zoletsa windo kutseguka kupitirira 10 cm, zilipo za chingwe chachitsulo zokhala ndi kiyi, zimamangidwa ndi masikuluwu pa felemu. Bedi, kabati ndi sofa zichoke pansi pa windo. Sefa ya udzudzu siingagwire mwana akatsamira.

Ngozi itachitika, Mulungu atalikitse, musamunyamule kapena kumugwedeza kuti adzuke, khosi kapena msana zikhoza kukhala zavulala. Imbani 112 pa foni yam'manja kapena 10177, gwirani mutu wake usatembenuke, mumufunditse, musamupatse madzi kapena chakudya. Mumusunthe pokhapokha ngati sakupuma kapena akutsamwa ndi masanzi, ndipo pomutembenuza mutu ndi thupi ziyendere limodzi. Ngakhale atadzuka n'kumayenda, apite kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa magazi otayikira m'kati mwa mutu kapena m'mimba saoneka msanga. Kuchokera ku Berea, Charlotte Maxeke ndiye chipatala chachikulu chapafupi.

Mmisiri wa ku Turffontein

Make Tadala, pa 14 cm paja pepala lidutse chitsulo chomaliza lifike 1 cm kuchokera kukhoma. Poti mbali imeneyo ilibe pomangirira, ikani kachitsulo ka aluminium kopindika ngati L m'mphepete mwake kuti mwana akakankha lisapindike. Kamodzi pa mwezi muzikoka ma cable tie onse ndi chala, komanso matalala akagwa.